Injini zakale za two-stroke za pa boti: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amangobwerabwera pakati pa asodzi, eni maboti onyamula anthu ndi katundu, komanso anyamata amene akuphunzira umakaniko kunyanja. Ena amafunsa chifukwa akufuna kugula injini yogwirapo kale ntchito, ena ali nayo kale koma ikuwavuta, ndiye pali ena amene amangozikonda basi. Ndawayankha mmene ndikudziwira, ena mwachidule ena motalikirapo ndithu chifukwa nkhani yake ndi yambiri.

Kodi two-stroke ndi chani kwenikweni, ikusiyana pati ndi four-stroke?

Mu two-stroke pistoni ikakwera kamodzi n'kutsika kamodzi ndekuti moto waphulika kale, pomwe four-stroke imafuna pistoni ikwere kawiri itsike kawiri kuti moto uphulike kamodzi. Kusiyana kwina konse kukuchokera pamenepo. Two-stroke ilibe ma valve a pamutu, ilibe camshaft, ilibe timing belt, ilibe sampu yosungira oyilo olo fyuluta ya oyilo. Petulo ndi mpweya zikachoka mu kabureta zimayamba zalowa kunsi komwe kuli crankshaft, kudutsa pa timalata topyapyala totchedwa ma reed, kenako pistoni ikamatsika imazikankhira mmwamba kudzera m'mabowo a m'khoma la silinda, ndipo nthawi yomweyo utsi umakhala ukutuluka pa bowo lina. Pistoni yomweyo ndi imene imatsegula ndi kutseka mabowowo. Nde poti kunsi kumadutsa petulo simungasungeko oyilo, n'chifukwa chake oyilo amathiridwa mu petulo momwemo, amafewetsa ma bearing ndi maring'i akamadutsa kenako amapsera limodzi. Utsi wa buluu uja ndi oyilo ameneyo.

Achimwene, kunja kuno kwadzadza ma four-stroke osamwa mafuta, bwanji anthu akukakamirabe zakalezi?

Pitani pa doko lililonse, kaya ku Msaka, ku Senga Bay, ku Nkhotakota, ku Nkhata Bay kapena ku Likoma, muwerenge injini zimene zakolekedwa kumbuyo kwa maboti a matabwa a chilimira, mupeza kuti zambiri ndi two-stroke ndipo zina penti inatha kalekale. Si kuti eni ake sadziwa kuti kuli zatsopano ayi.

Choyamba ndi kulemera. Yamaha ya 15 HP ya two-stroke imakhala cha m'ma kilogalamu 36 mpaka 38, pomwe inzake ya four-stroke ya mphamvu yomweyo imafika cha m'ma 50. Kwa munthu amene injini amaichotsa pa boti m'mawa uliwonse n'kuisenza pa phewa kudutsa mumchenga mpaka kunyumba poopa akuba, makilo 12 amenewo si nkhani yaing'ono. Ndipo ukafika nayo kunyumba umangoigoneka, bola mutu ukhale pamwamba kuposa mwendo kuti madzi otsalira asabwerere mu silinda, pomwe four-stroke ukaigoneka mbali yolakwika oyilo wa mu sampu amathamangira mu silinda mawa lake n'kukana kulira.

Koma chachikulu, chimene ine ndimazikondera injini zimenezi, ndi chakuti zimakonzeka pomwe zafera. Sipanala ya 10, ya 12, ya pulagi, sikulu dilaiva ndi pulayala, basi munthu wamasula kabureta pa mchenga pomwepo, wapemerera ma jeti, wabwezera, injini yalira. Palibe kompyuta yoti mulumikize kuti ikuuzeni vuto, palibe batile yoti ikatha mphamvu ulendo wathera pomwepo, moto imadzipangira yokha ndi maginito a mu flywheel, gudumu lozungulira la pamwamba pa injini. Munthu ali ku Usisya kapena ku Makanjira komwe msewu wake ndi wovuta sangadalire injini yoti ikadwala mpaka aikweze galimoto kupita nayo ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Amafuna yoti makaniko wa pa doko, amene anaphunzira poonera amalume ake, aitsegule lero usiku ilowe m'madzi. Komanso ikamanyamuka imanyamuka ndi ukali, boti lodzadza ndi khoka lonyowa ndi anthu 10 limadzuka msanga, zimenezi asodzi amaziwerengera kwambiri.

Mukamati zakale mukunena ziti?

Pali magulu awiri ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa. Gulu loyamba ndi zakale zenizeni zimene kunja anthu amazisunga ngati chuma. Ole Evinrude, wobadwira ku Norway koma wokulira ku America, anayamba kugulitsa injini zake ku Milwaukee mu 1909, ka silinda imodzi ka 1.5 HP. Abale a Johnson anabwera ndi yawo ya masilinda awiri yopepuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, Carl Kiekhaefer anayambitsa Mercury mu 1939 ku Wisconsin. Evinrude ndi Johnson zinadzakhala pansi pa kampani imodzi ya OMC, imene inagwa mu 2000, Bombardier ya ku Canada n'kugula mayinawo mu 2001, ndipo mu 2020 anasiyiratu kupanga Evinrude. Ku America kuli mpaka kalabu ya Antique Outboard Motor Club imene inayamba mu 1965, anthu amakumana kusinthana masipeya ndi kuonetsana ma Johnson Sea-Horse a m'ma 1950 akulira bwinobwino.

Gulu lachiwiri ndi la ku Japan ndipo ndi limene likutikhudza ife. Tohatsu inatulutsa yake yoyamba mu 1956, Yamaha mu 1960 ndi P-7, Suzuki mu 1965. Kenako Yamaha inapanga mtundu wa Enduro moganizira asodzi a m'mayiko ngati athu ano, anthu oliza injini tsiku ndi tsiku maola ambirimbiri ndi mafuta osadalirika, nde E15, E25, E40 zimene mukuziona pa nyanjazi ndi zimenezo. Zina mwa izo zikupangidwabe zatsopano mpaka pano koma kapangidwe kake ndi kakale komweko, kabureta, chingwe chokoka ndi oyilo wothira mu thanki. Mukaona Mariner yakale yaing'ono musadabwe kuti mkati mwake ikufanana ndi Yamaha, zambiri za nthawi imeneyo zinkapangidwa ndi Yamaha n'kupakidwa dzina lina.

Nanga British Seagull imene azungu amaitamanda ija ndi yotani?

Imeneyo ndi nkhani ina. Inayamba ku Wolverhampton mu 1931 ndi dzina la Marston Seagull, kenako John Way-Hope ndi Bill Pinniger anatenga ntchitoyo n'kukaikhazikitsa ku Poole m'chigawo cha Dorset, ndipo inapangidwa mpaka 1996. Ilibe chivindikiro, zonse zili poyera, flywheel pamwamba, ka thanki kumbuyo, silinda imodzi ya 64 cc pa ma Forty kapena 102 cc pa ma Century. Zambiri zilibe rivesi, zina zilibe ngakhale nyutilo, ukangokoka chingwe boti layamba kale kuyenda. Chingwecho umachita kukulunga wekha pa flywheel. Inapangidwa kuti izikankha maboti olemera pang'onopang'ono ndi pulopela yaikulu yozungulira mofatsa, osati kuthamanga, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a Britain anaigwiritsa ntchito kwambiri. Pa pulopela anaikapo sipuling'i mmalo mwa pini, ukagunda mwala imapindika sipuling'iyo giya n'kupulumuka. Mpaka lero ku Bermuda ndi ku New Zealand pa mtsinje wa Waikato amachita mipikisano ya ma Seagull okhaokha.

Ndi yokoma kuiona ndipo ndi yovuta kufa, koma oyilo imadya wambiri zedi ndipo imasiya mafuta pa madzi. Munthu wofuna ya ntchito ya tsiku ndi tsiku kuno sindingamulimbikitse, masipeya ake mpaka kuitanitsa ku UK.

Oyilo ndizithira wochuluka bwanji?

Funso ili ndi limene limapha kapena kusunga injini, nde tikhalepo pang'ono. Muyezo umatengera injini yake, palibe umodzi wa zonse. Ma Yamaha Enduro ambiri ndi 50:1, kutanthauza malita 50 a petulo pa lita imodzi ya oyilo. Mu chigubu cha malita 20 muthire 400 ml, mu thanki ya malita 25 muthire 500 ml, mu malita 5 ndi 100 ml. Injini ikakhala yatsopano kapena mwangoika pistoni ndi maring'i atsopano, maola 10 oyambirira muwirikize kawiri, 25:1, ndekuti lita yathunthu mu malita 25, ndipo musaitsegule moto wonse nthawi imeneyo. Ma Johnson ndi Evinrude ambiri a chisanafike chaka cha 1964 amafuna 24:1, kuyambira 1964 ndi pomwe anapita pa 50:1. Seagull zakale ndi 10:1, inde theka la lita mu malita 5 okha, za kumapeto kwa m'ma 1970 kupita mtsogolo ndi zimene zinabwera pa 25:1. Zakale kwambirizo zimafuna wambiri chifukwa mkati muli ma bush a mkuwa mmalo mwa ma bearing a timipira kapena tisingano, ndiye mukamva wina akuti oyilo wa masiku ano ndi wamphamvu thirani pang'ono, pa injini zoterozo musamvere.

Chimene chimandiwawa ine ndi kuthira mongoyerekeza ndi maso. Wina amangopendeketsa botolo n'kunena kuti wakwana, tsiku lina wachuluka tsiku lina wachepa. Akachuluka pulagi imada, utsi umachita kutsamwitsa, kaboni amadzadza mu ekizozi ndi m'mizere ya maring'i mpaka maring'i kumatirira. Akachepa ndiye zoopsa kwambiri, pistoni imatentha n'kukanda silinda kapena kugwiriratu, injini yanoka, ndalama yokonzera kuposa ya oyilo wa chaka chonse. Pezani kabotolo kamodzi, muyeze bwinobwino kamodzi, mulembe mzere, kazikhala m'boti. Ndipo posakaniza yambani ndi petulo pang'ono, thirani oyilo, khutchumulani, kenako mudzadzitse. Mukathira oyilo mu thanki youma amakakhala pansi pomwe paipi imakokera, injini imayamba kumwa oyilo yekhayekha kenako petulo wopanda kanthu.

Ngati eni boti simupita nawo pa nyanja, oyilo muzisakaniza nokha pa mtunda musanapereke zigubu kwa anyamata. Sindikunena kuti onse ndi osakhulupirika, koma oyilo ndi wodula ndipo injini ikanoka wolira ndi inu.

Oyilo wa galimoto sangagwire? Nanga 2T wa njinga yamoto?

Wa galimoto ayi. Sanapangidwe kuti azipsa, amasiya phulusa ndi kaboni. Zoona kuti kale kwambiri mabuku a injini ankalemba SAE 30 koma nthawi imeneyo kunalibe wina. Oyilo wotsala wochotsa mu galimoto ndiye musayerekeze n'komwe, muli tizitsulo. Wa njinga yamoto ndi wa injini yozizira ndi mphepo imene imatentha kwambiri, pomwe ya pa boti imazizira ndi madzi, nde mankhwala ake ndi osiyana. Fufuzani botolo lolembedwa TC-W3, chizindikiro cha oyilo wa two-stroke za pa boti. Mutasowa kotheratu muli kutali, 2T wa njinga angakufikitseni kunyumba, koma asakhale wa masiku onse.

Petulo wathu wa kuno ali ndi vuto pa injini zakale?

Ali nalo ndithu ndipo ambiri saliganizira. Ku Malawi petulo amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba, pano kulinso ina ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, petulo akakhalitsa mu thanki madzi ndi ethanol zimatsikira pansi, ndipo pansipo ndi pomwe injini imakokera, chosakanizacho chilibenso oyilo. Amadyanso mapaipi a labala akale, ka diaphragm ka mu fuel pump, ndi ma float (tizoyandama) a khungwa lopepuka la cork a mu kabureta za m'ma 1950 ndi 1960. Mukagula injini yakale sinthani mapaipi onse ndi kabaluni kopopera kaja musanayambe n'komwe kuidalira.

Kuwonjezera apo, nthawi ya kusowa kwa mafuta ambiri timagula a m'zigubu kwa mavenda, amene ena amakhala ndi madzi, dothi kapena parafini. Sefani pa kansalu koyera pothira, ndipo mukakayikira thirani pang'ono mu botolo loonekera mkati mudikire mphindi zingapo, madzi amaoneka okha pansi. Mafuta osakaniza kale asakhale miyezi.

Imamwa bwanji mafuta, tinene zoona?

Imamwa, apa palibe chobisa. Ya 15 HP mutaitsegula moto wonse imatha pafupifupi malita 7 pa ola, ya 40 HP imafika cha m'ma 20. Four-stroke ya mphamvu yomweyo imamwa mochepera, makamaka pa moto wapakati ndi pa silo pomwe two-stroke imataya kwambiri. Nde amene amayenda maulendo ataliatali tsiku lililonse, tinene onyamula alendo ku Cape Maclear kapena maboti a mabungwe, akawerengera bwino four-stroke imabweza ndalama yake. Koma pali chinthu chimodzi chosalira ndalama, bwezani throttle pang'ono. Boti la matabwa lolemera lili ndi liwiro lake lomwe silingapitirire, mukafika pamenepo moto wowonjezera umangokumba madzi kumbuyo ndi kukweza mphuno basi. Pa magawo atatu mwa anayi a throttle mufika mochedwerapo mphindi zochepa koma chigubu chitsalako. Pulopela yopindika kapena yodyeka m'mphepete, ndi ndere zomera pansi pa boti, nazonso zimaba mafuta mwakachetechete.

Ndinamva kuti kunja analetsa. Zoona? Zimaononga nyanja?

Zoona mbali ina. Chifukwa choti bowo lolowera mafuta ndi lotulukira utsi zimakhala zotsegula nthawi imodzi, gawo lina la mafuta limangodutsa osapsa n'kutulukira m'madzi, ndipo pa injini za kabureta limatha kufika kota ya mafuta onse olo kuposerapo. Ku America bungwe loteteza chilengedwe la EPA linayamba kukhwimitsa malamulo a utsi kuyambira 1998 mpaka 2006, ku Lake Tahoe analetseratu two-stroke za kabureta mu 1999, ku Europe kuyambira 2007 zatsopano za mtunduwu sizigulitsidwanso kwa anthu a maboti ongosangalalira, Australia nayo inatseka kulowetsa mu 2018. M'malo ambiri choletsedwa ndi kugulitsa zatsopano, yakale amene ali nayo amayendabe nayo. Honda kuyambira 1964 inasankha kupanga four-stroke zokhazokha.

Ine ndimazikonda injinizi koma pa nkhani iyi sindingaziikire kumbuyo. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko, n'chifukwa chake paki ya ku Cape Maclear inalowa m'ndandanda wa UNESCO mu 1984, ndipo madzi omwewo ndi amene amayi amatunga m'mphepete, ana amasambamo. Madzi ake amatuluka pang'ono kwambiri kudzera mu Shire, zolowamo sizichoka msanga. Zimene tingathe tichite, muyezo wa oyilo ukhale woyenera osati wopyola, kabureta isamadonthe, tisamasiye injini ikulira pa silo pa doko popanda chifukwa, tizithira mafuta pa mtunda, ndipo oyilo wa giya wakutha asatayidwe pa mchenga.

Ndikufuna kugula yogwirapo kale ntchito, ndiyang'ane chani?

Penti musaiyang'ane, penti ndi yotchipa. Pitani ndi makaniko wanu osati wa wogulitsayo, ndipo mukafika gwirani mutu wa injini, ngati ndi wofunda ndekuti ailiza inu musanafike kuti isakuvuteni kudzuka. Muuzeni mubweranso ikazizira.

Kokani chingwe pang'onopang'ono mumve kulimba kwake, silinda iliyonse izikankha mofanana. Ngati pali geji ya compression, yoyezera mphamvu ya mpweya wopanikizika mu silinda, ndi bwino kwambiri, masilinda asasiyane kupitirira 10 pa 100, kusiyana kwakukulu ndekuti ina yakandika kapena maring'i atha. Masulani mapulagi, abwino amakhala ofiirira, ikakhala ina yoyera mbee ngati yotsukidwa ndekuti mukulowa madzi, gasket yapita. Gwedezani flywheel uku ndi uku, isamagwedere. Zungulizani pulopela muone ngati shaft yake ili yowongoka. Masulani sikulu ya pansi ya giya bokosi mudonthetse pang'ono, oyilo akatuluka ngati tiyi wa mkaka ndekuti ma seal akulowetsa madzi, mukaona tizitsulo tonyezimira giya ikudyeka. Yang'anani mabawuti a pa mutu, akakhala okalikakalika injiniyo yatsegulidwa kambirimbiri. Ikakhala yochokera ku madzi a mchere, tinene ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, samalani kwambiri chifukwa mchere umadya njira za madzi mkati ndipo mabawuti amathyokera momwemo, ya pa nyanja yathu ya madzi opanda mchere imakhalitsa.

Kuliza mu mgolo sikokwanira, ikoleke pa boti muyende nayo ndi katundu, muone ngati giya sikudumpha. Pomaliza, nambala. Kachitsulo ka nambala kakakhala kochotsedwa kapena kopalidwa isiyeni olo mtengo ukome bwanji, injini zimabedwa kwambiri kunyanja ndipo wopezeka nayo ndi amene amayankha ku polisi. Lemberanani kalata pamaso pa mboni, a Beach Village Committee kapena amfumu adziwe.

Ikukana kulira, ndiyambire pati?

Yambirani zophweka. Ka kilipi ka switch yozimitsira kali mmalo? Giya ili pa nyutilo? Ka sikulu ka mpweya pa chitsekero cha thanki ndi kotsegula? Kabaluni mwapopa mpaka kulimba, ndipo muvi wake ukuloza ku injini? Anthu ambiri amamasula kabureta pomwe vuto linali kasikulu ka mpweya. Zikakhala bwino zonsezo chotsani pulagi. Yonyowa ndekuti mafuta achuluka, bwezani choko, pukutani, kokani kangapo pulagi ili kunja kenako bwezerani. Youma ndekuti mafuta sakufika, onani fyuluta, fuel pump ndi ma jeti. Kuti muone moto gunditsani pulagi pa chitsulo cha injini wina akoke, kutali ndi petulo chonde, moto wabwino ndi wa buluu. Pa zakale za ma points, tizitsulo totseka ndi kutsegula moto pansi pa flywheel, vuto nthawi zambiri ndi ma points akuda kapena condenser, ndipo ma coil a Johnson ndi Evinrude a m'ma 1950 amadziwika ndi kung'aluka. Pa za CDI, kabokosi ka magetsi kopereka moto mmalo mwa ma points, sipakhala chokonza, ndi kusintha basi, koma musanagule yesani kaye kuchotsa waya wa switch yozimitsira chifukwa nayo ikalowa madzi imapha moto.

Jeti musamaitokose ndi waya wolimba, mumakulitsa bowo injini n'kuyamba kumwa mopitirira.

Yasiya kukodza, ndingapitirize ulendo?

Ayi, zimitsani pompo. Kamadzi kotuluka kumbali kaja ndi kamene kamakuuzani kuti pampu ikugwira. Kwezani mwendo muone ngati pepala la pulasitiki kapena udzu sizinatseke polowera madzi, kenako tokosani kabowo kotulukira ndi ka nayiloni ka mbedza, nthawi zina ndi mchenga chabe kapena mavu anamangamo injini ili pa khonde. Zikakanika ndi impela, kalabala ka mapiko kali mu mwendo pamwamba pa giya bokosi. Kuno chimaipha ndi mchenga, chizolowezi chofika pa gombe injini ikulira mpaka mwendo kukhudza pansi, komanso kuiliza pa mtunda popanda madzi olo masekondi ochepa. Ku Chilwa ndi ku Malombe komwe madzi ndi osaya ndi a matope imatha msanga koposa. Sinthani kamodzi pa chaka isanafe yokha, ndi yotchipa kuyerekeza ndi pistoni.

Yagwera m'madzi, yatha basi?

Sinathe, bola changu. Ikangovuulidwa dzimbiri limayamba pa ma bearing a crankshaft, nde musaisiye kuti mawa. Tsukani mchenga, chotsani mapulagi, itembenuzeni mabowo ayang'ane pansi, zungulizani flywheel ndi dzanja madzi atuluke. Ikamalimba penapake musakakamize, mwina con rod, chitsulo cholumikiza pistoni ndi crankshaft, yapindika kapena mwalowa mchenga, imeneyo ndi yotsegula. Ikamazungulira bwino khuthulani kabureta, thirani petulo wa oyilo wambiri m'masilinda ndi ku kabureta, zungulizani, khuthulani, bwerezani kangapo, umitsani za moto, kenako ilizeni iyende theka la ola kapena kuposa pa 25:1 kuti kutentha kuumitse chinyezi chotsala. Apa ndi pomwe two-stroke imaonetsa ubwino wake, tsiku lomwelo imabwerera pa ntchito. Ndipo muzimangirira injini ku boti ndi chingwe kapena tcheni, ma clamp amamasuka ndi kunjenjemera, pakati pa nyanja pena ndi pakuya mamita 700, ikagwa pamenepo palibe wovuula.

Masipeya amapezeka?

A Yamaha Enduro amapezeka, chifukwa injinizo zikupangidwabe ndipo zili ponseponse kuyambira ku Mangochi mpaka ku Kyela ku Tanzania ndi ku Mpulungu ku Zambia. Vuto ndi loti pali enieni ndi ongofanizira, ndipo mapaketi ake masiku ano amafanana kwambiri. Pa gasket kapena chingwe chokokera wofanizira amagwira, koma pa ma bearing a crankshaft, con rod, pistoni ndi impela limbani mtima mugule zenizeni. A Johnson, Evinrude ndi Mercury akale amapezeka kunja pa intaneti, ngati muli ndi m'bale ku Joni kapena ku UK mutumizireni model number yonse osati kungoti ya 15, chifukwa ya 15 ya 1975 ndi ya 1995 si imodzi. Injini yakufa ya mtundu wanu ikamagulitsidwa motchipa tengani, muzichotsako zida.

Short shaft ndi long shaft, ndi 15 kapena 40?

Yezani thabwa la kumbuyo pokolekera kuchokera pamwamba mpaka pansi pa boti. Cha m'ma 38 cm ndi short, ya mwendo waufupi, cha m'ma 51 cm ndi long, ya mwendo wautali. Kachitsulo kopingasa kali pamwamba pa pulopela kazikhala molingana ndi pansi pa boti kapena kutsikirako pang'ono. Ikafupika pulopela imagwira mpweya pa mafunde injini n'kumangokuwa, ikatalika imakoka madzi ndi kugunda pansi. Za mphamvu zimatengera boti ndi katundu wake, 15 imakwana boti la chilimira lapakati, 25 ndi 40 ndi za maboti akuluakulu opita kutali kapena onyamula anthu. Injini yaikulu pa boti laling'ono imang'amba thabwa la kumbuyo ndi kulowetsa madzi.

Ndingathire parafini kuti ndipulumutse ndalama?

Mu injini ya petulo ayi, imagogoda, imatentha, pistoni imabooka. Zilipo zopangidwira parafini, monga ma Yamaha a EK amene ndi otchuka kwa asodzi a ku India ndi Sri Lanka, zimadzuka ndi petulo kenako n'kusinthira ku parafini, koma kabureta ndi compression yake ndi zina.

Nthawi ya mwera injini yakale ndingaidalire?

Mungaidalire ngati mumaisamala, koma musadalire iyo yokha. Mwera ukamaomba miyezi yozizira ija nyanja imasintha mofulumira, ndipo injini ikazima boti limatembenukira m'mbali mafunde n'kuyamba kulowa. Mafunde omwewo amavundula zinyalala ndi madzi a pansi pa thanki n'kuzitumiza ku kabureta, n'chifukwa chake injini yoyenda bwino pa bata imadzazima tsiku la mphepo, nde thanki muziitsuka nyengoyo isanayambe. M'boti musasowe nkhafi, chokapira madzi, nangula ndi chingwe chachitali, ma life jacket okwana aliyense, tochi, ndi foni yokulunga mu pulasitiki. Mu kachitini kotseka bwino muikemo mapulagi awiri atsopano ndi sipanala yake, ma shear pin (timapini ta pa pulopela tothyoka mukagunda chinthu) ngati injini yanu ndi ya pini, split pin, ndi chingwe chapadera, chifukwa sitata ikathyoka mumachotsa chivindikiro n'kukulunga chingwecho pa flywheel injini n'kulira. Chingwe cha switch yozimitsira chizikhala pa dzanja la woyendetsa osati chokulungidwa pa chogwirira, kuti akagwa injini izime. Mafuta muziwerengera a kupita, a kubwera, ndi ena otsala ofanana ndi a ulendo umodzi, chifukwa pobwerera moyang'anana ndi mphepo imamwa kuposa mmene inamwera popita.

Ndikaisiya miyezi ingapo osagwiritsa ntchito ndichite chani?

Ilizeni m'madzi, chotsani paipi ya mafuta idzizimire yokha kuti kabureta itsale youma, kapena masulani kasikulu ka pansi pa kabureta mukhuthule. Chotsani mapulagi, donthezani oyilo pang'ono mu silinda iliyonse, kokani chingwe kawiri katatu, bwezerani. Sinthani oyilo wa giya, wa SAE 90 pa ma Yamaha ndi ena ambiri, SAE 140 pa Seagull, ndipo pothira yambirani bowo la pansi mpaka atulukire la pamwamba, mutseke la pamwamba kaye kenako la pansi. Chotsani pulopela muchotse nayiloni ya ukonde imene imakulungika kumbuyo kwake chifukwa ndi imene imadula seal, pakani girisi pa shaft. Muiimike chilili pouma, muphimbe kuti makoswe asadye mawaya, ndipo petulo wotsala mu thanki mugwiritse ntchito zina osadikira nyengo ya mawa.